Amisiri Osamalira Makompyuta ndi Maphunziro Ao



M'mudzi uli wonse m'mene muli cigayo mumapezeka anthu a mitundu iwiri. Alipo ambiri amene amadza ndi cimanga cao pamutu, napereka ndalama, nabwerera kwao ndi ufa. Ndipo alipo mmodzi amene amadziwa za m'kati mwa cigayoco. Iye amathira mafuta, amamanga lamba akamasuka, amasintha sefa ikabooka, ndipo pongomva kulira kwa injini amazindikira ngati zonse zili bwino kapena iai. Munthu ameneyu akacoka, cigayo cimagaya sabata limodzi kapena awiri, pambuyo pake cimakhala cete, ndipo amai amabwerera ku mtondo ndi munsi. Lero tikambirana za mmisiri wotere, koma makina ake ndi makompyuta. Tiona nchito yake, m'mene amaphunzirira, ndi cifukwa cake anthu ambiri ali kudandaula kuti maphunziro a amisiri amenewa ali kubwerera pambuyo.

Kodi mmisiri ameneyu ndani?

Pamene atate anu atumiza ndalama pa foni kwa agogo kumudzi, ndalamazo siziuluka m'mwamba kucokera pa foni ina kupita pa inzake. Uthenga umayamba wafika ku makompyuta akuluakulu ochedwa maseva, amene amakhala m'zipinda zozizira ndi zokhomedwa bwino, ndipo amagwira nchito usana ndi usiku. M'maseva ndimo mumalembedwa kuti uje wacotsa ndalama zakuti ndipo uje walandira. Cimodzimodzinso malipiro a aphunzitsi anu, zotsatira za mayeso, maina a odwala m'zipatala zambiri ndi maina a alimi olandira feteleza wa boma, zonsezi zimasungidwa m'makompyuta otere.

Munthu amene amayang'anira makompyuta amenewa pa Cingerezi amamucha system administrator. Ife tidzamucha wosamalira makompyuta. Nchito zake zazikulu ndi izi. Amaika mapulogalamu m'makina ndi kulumikiza makinawo kuti azitumizirana mauthenga. Amapatsa wanchito ali yense dzina ndi mau acinsinsi olowera, ndipo amatseka khomo la munthu amene wasiya nchito. Amakopera zonse zofunika ndi kusunga kopelo pa malo ena, monga mlimi wanzeru amene saika cimanga cake conse m'nkhokwe imodzi. Opanga mapulogalamu akapeza mpata umene akuba angalowerepo, amatumiza cokonzera cimene tingaciyerekeze ndi cigamba, ndipo wosamalira ndiye amaika cigambaco msanga. Potsiriza, makina akaima, iye ndiye amadzutsidwa pakati pa usiku kuti afufuze cimene calakwika.

Mukuona tsono kuti nchito imeneyi ikayenda bwino, palibe amene amaiona. Imaoneka tsiku limene yalephereka.

Zitsanzo ziwiri

Ena mwa inu munaonapo kanema wa zidole wochedwa Toy Story 2. M'caka ca 1998, pamene kampani ya Pixar ku America inali kupanga kanemayu, munthu wina analemba molakwa lamulo louza kompyuta kuti ifafanize zinthu. Anthu anayang'ana ndi maso ao zidole zao zili kuzimiririka cimodzi cimodzi, ndipo pamene anazimitsa makina, pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a nchitoyo anali atapita. Anathamangira ku kope limene anali kusunga, koma anapeza kuti kopelo linali losakwanira, pakuti makina okopera anali atasiya kugwira bwino nchito popanda wozindikira. Cimene cinawapulumutsa ndi cakuti mai wina wa pa kampaniyo anali kugwirira nchito kunyumba cifukwa anali ndi khanda, ndipo kompyuta yake inali ndi kope lina. Anaikulunga m'mabulangete naitengera ku ofesi pa galimoto, ndipo kanemayo anaturuka mu 1999. Phunziro lake nali: kukopera kokha sikukwanira, wosamalira ayenera kumayesa kopelo kawirikawiri kuti aone ngati lingabwezeretse zotayika.

Citsanzo caciwiri ncomvetsa cisoni. M'mwezi wa May 2017 pulogalamu yoipa yochedwa WannaCry inafalikira m'maiko oposa 150. Inali kukhoma zonse za m'kompyuta ndi kulamula mwini wake kuti alipire ndalama. Ku England inalowa m'zipatala zambiri za boma, kotero kuti odwala pafupifupi 19,000 anauzidwa kuti tsiku lao loonana ndi dokotala lasinthidwa, ndipo maambulansi ena anatumizidwa ku zipatala zina. Komatu kampani ya Microsoft inali itaturutsa kale cigamba cotseka mpata umenewo m'mwezi wa March, miyezi iwiri tsokalo lisanagwe. Makina amene anali ataikidwa cigambaco sanagwidwe. Sitinganene kuti mlandu wonse unali wa amisiri, pakuti panalinso kusowa kwa ndalama ndi kunyalanyaza kwa akuluakulu, koma nkhaniyi itionetsa kuti nchito yooneka yaing'ono ikasiyidwa, wovutika ndi munthu wodwala.

M'mene oyamba anaphunzirira

Amisiri oyamba a nchito imeneyi anaphunzira ndi manja ao, pafupi ndi wina wodziwa. Kuno kwathu citsanzo cili pa University of Zambia mu Lusaka. Kuyambira mu 1991, anchito a m'cipinda ca makompyuta pa yunivesitiyo anali kutumiza ndi kulandira makalata a pa kompyuta kudzera pa waya wa lamya wopita ku Rhodes University ku South Africa. Mu 1994 anakhazikitsa ZAMNET, ndipo Zambia inakhala limodzi mwa maiko oyambirira mu Africa kukhala ndi intaneti.  Anali kuwerenga mabuku aakulu ofotokoza za makinawo, kuyesa njira iyi ndi iyo, kulakwa, ndi kuyambanso. Wacinyamata wolowa nchito anali kuyamba ndi kunyamula mawaya ndi kuyang'ana mkulu wake, kufikira tsiku limene anakhulupiriridwa kuti agwire yekha.

Ku Britain, ana a zaka za m'ma 1980 anali ndi mwai wina. Nyumba youlutsa mau ya BBC inakonza zophunzitsa mtundu wonse za makompyuta. Kumapeto kwa 1981 kunaturuka kompyuta yochedwa BBC Micro, ndipo mu 1982 maphunziro ake anayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema. Kompyuta imeneyi inalowa m'masukulu ambiri. Mwana akaiyatsa sanali kupeza zithunzi zoti akhudze. Anali kupeza mau owerengeka ndi kacizindikiro kophethira, kodikira kuti iye alembe lamulo. Motero ngakhale wongofuna kusewera anali kuphunzira kulamula makina, ndipo ambiri mwa ana amenewo anakula nakhala amisiri.

Nanga luso lili kucepa cifukwa ciani?

Cifukwa coyamba ndi cakuti makina a masiku ano ndi otsekeka. Foni imene mumaona m'manja mwa akulu anu ili ndi mphamvu zoposa kutali makompyuta a 1994, koma inapangidwa kuti mwini wake asaone za m'kati. Kuigwiritsa nchito nkosavuta, ngakhale mwana wa zaka zitatu amatha, koma kutero sikumuphunzitsa kanthu za m'mene imayendera. Ca m'ma 2006, Eben Upton, amene anali kusankha ophunzira a makompyuta pa koleji ina ya University of Cambridge, anaona pamodzi ndi anzake kuti ofunsira malo anali kucepa, ndiponso kuti amene anali kubwera anali odziwa zocepa poyerekeza ndi a zaka khumi zapitazo. Anali atakulira pakati pa makompyuta, koma ambiri sanali atalembapo pulogalamu yeniyeni.

Caciwiri ndi kaphunzitsidwe. M'masukulu ambiri phunziro la kompyuta linasanduka phunziro la kutaipa kalata ndi kukongoletsa zilembo. Izi nzothandiza, koma zili monga kuphunzitsa munthu kuthira cimanga m'cigayo ndi kumucha makaniko. Mu January 2012 bungwe la akatswiri a sayansi la Royal Society linaturutsa lipoti lonena kuti kaphunzitsidwe ka makompyuta m'masukulu ambiri a ku Britain kanali kosakhutiritsa, ndipo mu September 2014 dziko la England linayamba silabasi yatsopano imene ana amaphunzira m'mene makompyuta amagwirira nchito kuyambira ali ndi zaka zisanu.

Cacitatu ndi kuthamangira setifiketi. Makampani opanga makina ndi mapulogalamu anayambitsa mayeso ao, ndipo olemba nchito anayamba kufunsa mapepala amenewa. Mayeso ambiri anali ongosankha yankho limodzi mwa mayankho anai. Posacedwa anthu ena anayamba kusonkhanitsa mafunso a mayesowo pamodzi ndi mayankho ake ndi kuwagulitsa, ngakhale kuti eni mayeso amaletsa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 olemba nchito anali atayamba kale kudandaula za amisiri a pa pepala, ndiko kuti anthu amene analoweza mayankho pamtima napambana, koma sanakonzepo seva ngakhale imodzi. Makolo athu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cacinai ndi kusowa zipangizo, ndipo ici catikhudza ife eni. Silabasi imene inayamba mu 2014 inalowetsa phunziro la kompyuta m'masukulu a Zambia, ndipo mu November 2015 ana a Giredi 9 analemba kwa nthawi yoyamba mayeso ocita ndi manja pa kompyuta. M'masukulu ambiri makompyuta anali owerengeka, ndipo caka cimeneco magetsi anali kuzimazima, kotero kuti ana ena anadikirana kufikira usiku kuti apeze mpata wolemba. Vuto lomweli limafika ndi ku makoleji. Pamene makina ali ocepa ndiponso odula, mphunzitsi amaopa kulola wophunzira kuti awatsegule. Amajambula cithunzi ca seva pa bolodi, ophunzira nakopera m'makope ao. Koma munthu saphunzira kupalasa njinga pa bolodi.

Cacisanu ndi cakuti malo ophunzirira pa nchito ali kucepa. Makampani ambiri tsopano sasunga maseva ao, amabwereka malo m'maseva a makampani akuluakulu a kunja. Motero wacinyamata amatha zaka ali pa nchito osagwirapo makina enieni, ndipo olemba nchito amafuna munthu wodziwa kale, osafuna kulipira nthawi yomuphunzitsa. Pamwamba pa izi, mayankho ali ponseponse pa intaneti, ndipo tsopano kuli mapulogalamu amene amalemba yankho munthu akangofunsa. Wodziwa nchito amathandizidwa nazo, cifukwa amatha kusiyanitsa yankho labwino ndi loipa. Koma wosadziwa amakopera lamulo limene sakulimvetsa naliika m'makina a cipatala kapena a banki. Kumbukirani kuti kanema uja anafafanizika ndi lamulo limodzi lokha.

Zimene ndinaona

Pa ulendo wina woyendera masukulu amene amatsatira maphunziro athu a pa wailesi, ndinafika pa sukulu ina imene inalandira makompyuta ngati mphatso. Ndinawapeza ali ofundikidwa nsalu. A hedimasitala anandiuza kuti angapo anasiya kuyaka, ndipo anaitana mnyamata wina wa m'tauni amene anali ndi setifiketi ya makompyuta. Mnyamatayo anadina coyatsira kawiri katatu, nati makinawo afa, ayenera kugula ena. Patapita miyezi kunabwera mphunzitsi wina wamkazi amene ali mwana anali kuthandiza amalume ake kukonza mawailesi pa msika. Iye anacotsa mawaya ku magetsi, natsegula kompyuta imodzi yakufa ndi ina yamoyo, nayamba kusinthanitsa ziwalo cimodzi cimodzi. Anapeza kuti zina zinali zodzala fumbi, zina zinali ndi kaciwalo kamene kanasuntha pa malo pake, ndipo imodzi yokha ndiyo inapseradi. Sindimuimba mlandu mnyamata uja. Iye anaphunzira zimene anamuphunzitsa, ndipo makolo ake analipira ndalama zambiri. Kungoti pa maphunziro ake onse palibe amene anamupatsa makina oonongeka ndi kumuuza kuti apeze colakwika.

Mankhwala ake alipo

Njira yoyamba ndi kusintha mayeso. Kuyambira mu 1999 kampani ya Red Hat inayamba kuyesa amisiri powakhazika pa makina enieni ndi kuwapatsa nchito yoti aicite m'maola owerengeka. Pa mayeso otere kuloweza sikuthandiza, pakuti makina amayenda kapena sayenda. Kuno kwathu bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, ndilo limalembetsa ndi kuyang'anira makoleji a nchito za manja. Makolo asanalipire ndalama ayenera kufunsa ngati koleji ndi yolembetsedwa, ndiponso apemphe kuona cipinda cophunziriramo. Awerenge makina, ndipo afunse ngati ophunzira amaloledwa kuwatsegula.

Njira yaciwiri ndi kupatsa ana makina oti angaononge popanda kulira. Eben Upton uja ndi anzake sanangodandaula. Anapanga kakompyuta kochedwa Raspberry Pi, kakang'ono ngati khadi la ku banki, kamene kanayamba kugulitsidwa mu February 2012 pa mtengo wa madola 35. Ziwalo zake zonse zili poonekera, ndipo mwana akasokoneza mapulogalamu amangokoperanso kakhadi kake nayambanso. Kompyuta yakale imene ofesi ifuna kutaya ingagwirenso nchito yomweyi.

Zimene sukulu ya pulaimale ingacite

Mwina aphunzitsi muli kunena kuti nkhani imeneyi ndi ya ku makoleji, ndipo sukulu yanu ilibe ngakhale magetsi. Koma m'mera mpoyamba. Makhalidwe amene amapanga wosamalira makompyuta wabwino amayambira mu Giredi 3 ndi 4, ndipo ambiri safuna kompyuta.

Loyamba ndi kufufuza colakwika mwa dongosolo. Bweretsani toci m'kalasi, mutatembenuza batire limodzi kapena mutaika kapepala pakati pa mabatire. Musawauze ana cimene mwacita. Aloleni achule zonse zimene zingalepheretse toci kuyaka: mabatire, babu, coyatsira, dzimbiri. Tsono ayese cinthu cimodzi pa nthawi imodzi. Mwana akasintha mabatire ndi babu pamodzi, toci niyaka, mufunseni kuti cinali colakwika nciti. Adzaona yekha kuti sadziwa. Umu ndi m'mene mphunzitsi wamkazi uja anacitira, ndipo ndi m'mene amisiri amacitira ndi maseva.

Laciwiri ndi kulemba zimene wacita. Kalasi likhale ndi kabuku ka zipangizo zake, monga wailesi, koloko ndi mpira. Mwana wosankhidwa sabata limenelo alembe tsiku, cimene cinaonongeka, ndi m'mene anakonzera. Wobwera pambuyo pake adzayambira pamene mnzake analekezera.

Lacitatu ndi kusunga kope. Ana alembe mndandanda wa maina a m'kalasi kawiri, limodzi likhale m'kalasi, lina ku ofesi. Pakutha kwa mwezi afananize awiriwo. Akapeza kuti mwana watsopano sanalembedwe m'kope la ku ofesi, akumbutseni nkhani ya kanema uja.

Lacinai ndi kukhulupirika. Wosamalira makompyuta amatha kuona malipiro a anthu, matenda ao ndi makalata ao. Ali monga munthu wosunga makiyi a nyumba zonse za m'mudzi. Mwana amene amatsegula kope la mnzake mobisa, kapena kuulula cinsinsi cimene anamusungitsa, ayenera kuthandizidwa tsopano. Ndiponso mwana aphunzire kuvomera msanga akalakwa. Mmisiri amene wafafaniza cinthu nanena pomwepo amapatsa anzake mpata wopulumutsa zotsala, koma wobisa amaonjezera tsoka.

Lacisanu ndi kufunsa ndi kuwerenga malangizo. Safunsa anadya phula. Pamene mwana apereka yankho lolondola, mufunseni kuti walipeza bwanji. Pamene sukulu ili ndi kompyuta yakufa, musaitsekere m'kabati. Cotsani waya ku magetsi, tsegulani mbali yake, ndipo ana aone ndi kuchula ziwalo. Koma kabokosi kamene waya wa magetsi amalowamo musakatsegule, ndipo ana asatsegule okha wailesi ya kanema yakale, pakuti zinthu zimenezi zimasunga magetsi ngakhale zitazimitsidwa, ndipo zingaphe munthu.

Ndipo inu ana, anyamata ndi atsikana cimodzimodzi, ngati mumakonda kudziwa cifukwa cake njinga ikulira kapena wailesi yasiya kulankhula, nchito imeneyi ingakhale yanu. Limbikirani masamu, sayansi ndi kuwerenga. Setifiketi njofunika ndipo muifunefune, koma tsiku limene makina a cipatala adzaima usiku, odwala adzadikira munthu amene angathe kuwayendetsanso.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Chulani nchito zitatu za wosamalira makompyuta.

2. Kodi kope limene a Pixar anali kusunga linalephera bwanji kuwathandiza? Akadacita ciani kuti adziwe msanga?

3. Ncifukwa ciani tiyenera kusintha cinthu cimodzi pa nthawi imodzi pofufuza colakwika?

4. Pitani kwa munthu wokonza njinga, mawailesi kapena cigayo kwanuko. Mufunseni mwaulemu kuti anaphunzira bwanji nchito yake, ndi kwa yani, ndipo zinamutengera nthawi yotani. Lembani zimene akuuzeni, mudzawerengere anzanu.

Aphunzitsi, yesani phunziro la toci sabata lino, ndipo mutilembere kalata yotiuza m'mene ana anacitira. Tsalani bwino.